Njira ya Raman yofufuzira mamolekyu omata pachitsulo

Batire ikamatulutsa magetsi, kapena chitsulo chikamachita dzimbiri, ntchito yeniyeni imachitikira pamene chitsulocho chakhudzana ndi madzi osakanizika ndi mchere kapena mankhwala. Chitsulo cholowetsa kapena kutulutsa magetsi m'madzi otere chimatchedwa elekitirodi. Mamolekyu amene amamata pamwamba pake ndi ochepa zedi, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri a sayansi ankangoyeza magetsi odutsa, osadziwa bwino kuti pachitsulopo pamata mamolekyu ati ndipo akhala motani. Njira imodzi imene inathandiza kuyankha funsoli imatchedwa surface-enhanced Raman spectroscopy, mwachidule SERS.

Chiyambi chake

Pa 28 February 1928, mumzinda wa Calcutta ku India, C. V. Raman ndi K. S. Krishnan anatsimikiza kuti kuwala kukadutsa m'zinthu zamadzimadzi, gawo lochepa la kuwalako limabalalika litasintha mtundu. Izi zimachitika chifukwa maatomu a m'molekyu amanjenjemera, ndipo kuwala kumasiya kapena kutengako mphamvu pang'ono pa kunjenjemerako. Molekyu ya mtundu uliwonse imanjenjemera mwanjira yakeyake, choncho kusintha kwa kuwalako kuli ngati chidindo cha chala chodziwira molekyuyo. Raman analandira mphoto ya Nobel mu 1930.

Vuto linali kufooka kwa chizindikirocho: mwa tizigawo ta kuwala pafupifupi 10 miliyoni, kamodzi kokha ndiko kamasintha motere. Makina a laser atapangidwa mu 1960 zinthu zinapepukako, koma mamolekyu omata pachitsulo anali ochepabe kwambiri kuti aoneke. Ngakhale zinali choncho, ofufuza za ma elekitirodi anaikonda njirayi chifukwa madzi saisokoneza kwenikweni, pomwe kuwala kwa infrared, kumene kumagwira ntchito yofanana, madzi amakumeza.

Zimene zinachitika ku Southampton

Mu 1974, Martin Fleischmann, Patrick Hendra ndi James McQuillan a pa yunivesite ya Southampton ku England anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo pa pyridine, mankhwala amene molekyu yake ndi mkombero wa maatomu asanu a kaboni ndi imodzi ya naitirojeni. Anaviika elekitirodi ya siliva m'madzi a mchere wa potassium chloride, n'kumasinthasintha magetsi mpaka pamwamba pa silivayo panakhala pokhakhala. Atawalitsa laser, chizindikiro cha pyridine chinatuluka champhamvu modabwitsa. Iwo anaganiza kuti kukhakhalako kwangokulitsa malo, kotero kuti mamolekyu ambiri apeza pomata.

Mu 1977 magulu awiri, lililonse palokha, anasonyeza kuti kufotokoza kumeneku sikunali kokwanira. David Jeanmaire ndi Richard Van Duyne a pa yunivesite ya Northwestern ku United States, komanso Grant Albrecht ndi Alan Creighton a pa yunivesite ya Kent ku England, anapeza kuti chizindikiro cha molekyu iliyonse chinakula nthawi 100,000 kapena kufika 1 miliyoni. Kukula kwa malo pakokha sikukanafikitsa pamenepo. Chitsulocho n'chimene chinkakuza chizindikirocho.

Mmene chitsulo chimakuzira kuwala

Mu 1978 Martin Moskovits wa ku Toronto anafotokoza chimene akatswiri ambiri lero amachivomereza kuti ndicho chifukwa chachikulu. Pachitsulo chokhakhala pali timabampu ting'onoting'ono, tochepera kutalika kwa funde la kuwala. Kuwala kukatigunda, maelekitironi a m'timabamputo amagwedezeka limodzi, ndipo mphamvu ya kuwala imaunjikana pamwamba penipeni pa chitsulo. Kuwala kofika pa molekyu kumakula, kochokera kwa molekyuyo n'kukulanso. Mphamvuyi imazilala msanga: ikatalikirana ndi chitsulo ndi mananomita ochepa chabe imatha, ndipo nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa 1 miliyoni. N'chifukwa chake njirayi imaonetsa mamolekyu a pachitsulo okhaokha, osati oyandama m'madzimo.

Chifukwa chachiwiri, chocheperapo mphamvu, n'chakuti molekyu ikalumikizana ndi chitsulo, monga pyridine imachitira kudzera mu atomu yake ya naitirojeni, maelekitironi amatha kudumpha pakati pa ziwirizo. Wofufuza akasintha mphamvu ya magetsi pa elekitirodi, mizere ya chidindo chija imakula kapena kuchepa, ndipo amadziwa ngati molekyu yaima chilili, yapendekeka, yagona kapena yachokapo.

Ntchito yake ndi malire ake

Mu 1997 Shuming Nie ndi Steven Emory ku Indiana, komanso Katrin Kneipp ndi anzake ku MIT, analengeza kuti aona chizindikiro cha molekyu imodzi yokha pa tizidutswa ta siliva. Lero njirayi imathandiza kufufuza mankhwala oteteza mkuwa ku dzimbiri monga benzotriazole, zochitika m'kati mwa mabatire, kusandutsa mpweya wa carbon dioxide kukhala mafuta pa ma elekitirodi a mkuwa, ndiponso zotsalira za mankhwala ophera tizilombo pa zipatso.

Malire alipo. Njirayi imayenda bwino pa siliva, golide ndi mkuwa, koma pa zitsulo zina monga platinum chizindikiro chimafooka. Mu 2010 gulu la Zhong-Qun Tian la pa yunivesite ya Xiamen ku China linachepetsa vutoli pomwaza pachitsulo chofufuzidwa tizidutswa ta golide tokutidwa ndi chikopa chopyapyala cha silica kapena alumina. Vuto lina n'lakuti mbali yaikulu ya chizindikiro imachokera m'timipata tochepa pakati pa timabampu, moti ma elekitirodi awiri okonzedwa mofanana angapereke zotsatira zosiyana. Choncho kudziwa mtundu wa molekyu n'kosavuta kusiyana ndi kudziwa kuchuluka kwake, ndipo ofufuza akulimbikirabe kupanga zitsulo zokhakhala mofanana nthawi zonse kuti miyeso yawo idzidalirika.