Mmisiri Amene Anagwirizanitsa Khoma ndi Siling'i

Munthu akamaliza kumanga nyumba amatsala ndi funso limene ambiri amaliyesa laling'ono: kodi makoma apakidwe utoto wanji, nanga kumwamba ku siling'i kukhale kotani? Kaŵirikaŵiri makoma timawasankhira utoto mosamala, koma siling'i timangoipaka njereza poganiza kuti palibe woyang'ana kumwamba. Lero tikambe za mmisiri wina wa ku Scotland amene anakana maganizo otere zaka zoposa 250 zapitazo.

Dzina lake ndi Robert Adam. Anabadwira ku Kirkcaldy m'chaka cha 1728, ndipo bambo ake, William Adam, analinso katswiri wolemba mapulani a nyumba. M'masiku amenewo nyumba za anthu olemera ku Britain zinkakhala ndi siling'i zoyera, zokhala ndi mitanda ikuluikulu ya pulasitala imene inkaoneka ngati ikufuna kugwera munthu pamutu. Wokongoletsa makoma ankakhala wina, wopanga mipando wina, ndipo kalipeti ankachita kugula kwina. Kotero chipinda chimodzi chinkayankhula zinenero zingapo.

M'chaka cha 1754 Adam ananyamuka ulendo wa ku Italy. Ku Rome anakhala akujambula mabwinja a nyumba zakale, ndipo m'chaka cha 1757 anapita ku Split, m'dziko limene lero ndi Croatia, kukayeza nyumba yachifumu ya Diocletian. Chimene anaphunzira ndi ichi: Aroma akale sankakongoletsa m'kati mwa zipinda monga ankachitira kunja kwa akachisi awo. M'kati ankaika zokongoletsa zopyapyala ndi utoto wosiyanasiyana, ndipo maluŵa amene ayambira pakhoma ankapitirira mpaka kumwamba. Atabwerera kwawo m'chaka cha 1758 anatsegula ntchito yake ku London, natsimikiza kuti chipinda chonse, kuyambira pansi mpaka kumwamba, chizichokera m'mutu mwa munthu mmodzi.

Luso lake linayesedwa kwambiri ku Syon House, pafupi ndi London, kumene anayamba ntchito cha m'ma 1762. Kumeneko kuli chipinda chotalika mapazi 136 koma m'lifupi mwake mapazi 14 okha, chooneka ngati mpita wodutsamo chabe. Kugwetsa makoma sikunali kotheka. Tsono Adam anagaŵa khoma lalitalilo ndi timizati tosalala, naika mashelefu a mabuku pakati pake. Ku siling'i anajambula mizere yopingasa imene imaoneka ngati ikupitirira kuseri kwa makoma. Diso la munthu woloŵamo limanyengedwa, ndipo chipindacho chimaoneka chotakasuka kuposa m'mene chilili.

Ku Osterley Park, nyumba ya banja la a Child amene anali eni banki, anachita chinthu china. M'chipinda chochezera alendo, maonekedwe a siling'i amayankhidwa ndi kalipeti ya pansi, imene inalukidwa ndi Thomas Moore wa ku Moorfields potsata chithunzi cha Adam yemweyo. Ku Kenwood House nako, pakati pa 1767 ndi 1769, anamangira Lord Mansfield chipinda cha mabuku chokhala ndi siling'i yokhota ngati uta, yopakidwa utoto wofiirira pang'ono ndi wobiriŵira ngati mtambo, wogwirizana ndi wa m'makoma. Iye mwini anafotokoza kuti ankapaka siling'i utoto wofatsa pofuna kuchotsa kuthobwa m'maso kwa njereza, ndiponso kuti kumwamba kulumikizane ndi nsalu, zithunzi ndi zina zonse za m'munsi.

Si onse anakondwa nazo. Horace Walpole, mlembi wodziŵika wa nthaŵi imeneyo, amene poyamba ankamuyamikira, pambuyo pake ananyoza zokongoletsa zake kuti ndi tizinthu tating'onoting'ono tochuluka mopitirira muyeso. Adam atamwalira m'chaka cha 1792 anthu anayamba kukonda zina, ndipo zipinda zake zina zinapakidwanso utoto umene iye sanaufune. Mwamwaŵi, m'chaka cha 1833 Sir John Soane anagula zojambula za Adam pafupifupi 9,000, ndipo zikusungidwabe ku London. Pamene bungwe la English Heritage linkakonzanso Kenwood House, akatswiri anapala tizidutswa ta utoto n'kutiunika kuti apeze umene unali pansi penipeni. Nyumbayo itatsegulidwanso m'chaka cha 2013, chipinda cha mabuku chija chinali chitabwerera ku maonekedwe ake oyamba.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo Adam sanatsutse mau ameneŵa. Pulasitala wa zipinda zake zambiri anaumba ndi Joseph Rose, zithunzi za ku siling'i ya ku Kenwood anajambula ndi Antonio Zucchi wa ku Venice, ndipo panali amisiri enanso ochuluka. Chimene iye anaumirira n'chakuti manja onseŵa atsate chithunzi chimodzi, chogwirizanidwa ntchito isanayambe. Inu amene muli ndi nyumba imene yafika popaka utoto, khalani pansi ndi mmisiri wa siling'i pamodzi ndi wopaka makoma tsiku limodzi, musanagule chitini ngakhale chimodzi.