Mfuti ya pa Ntchafu: Mbiri Kapena Zopeka za Kanema?

M'zaka zotsatira kusamuka kwa likulu kuchoka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975, anyamata a ku Area 15 ankakonda kusema timfuti tamitengo, namangirira tizikwama tamakatoni pa ntchafu. Wailesi yakanema inafika m'Malaŵi mu 1999, koma akauboyi anali atadziŵika kale kudzera m'nyumba za kanema ndi m'magalimoto oonetsa zithunzi m'maboma. Tsono funso nali: kodi abusa a ng'ombe a ku America ankavaladi chomwecho?

Mbiri ikukana. Lamba wolendeŵera uja, wotchedwa buscadero, anatchuka ku Hollywood cha m'ma 1920. M'ma 1950 Arvo Ojala anasoka chikwama choika chitsulo m'kati kuti mfuti izisololoka msanga, ndipo chotere ndicho ankavala James Arness m'seŵero la Gunsmoke, lomwe linaonetsedwa kuyambira 1955 mpaka 1975.

Mbusa weniweni ankakhala pa kavalo tsiku lonse. Mfuti yolendeŵera ikadamtupitsa mwendo, kapena kugwera m'fumbi. Kotero ankaimanga pamwamba, m'chiuno, m'chikwama chakuya chachikopa, ndipo ochenjera ankaikamo zipolopolo zisanu m'malo mwa zisanu ndi chimodzi, kuopa kuti ingalire yokha.

Ngakhale zaka zimasokonezedwa. Seŵero la Bonanza limasimba za m'ma 1860, komabe m'manja mwa oseŵera mumaoneka Colt ya 1873 ndi Winchester ya 1892. Nako kuomberana kwa ku Tombstone pa 26 Okutobala 1881 kunabuka pamene apolisi ankafuna kulanda zida, pakuti lamulo la tauniyo linkaletsa kuyenda ndi mfuti. Chinanso, abusa ambiri anali anthu akuda ndi a ku Mexico, koma kanema anaŵabisa.

Nkhaniyi ikhudzanso kwathu kuno. Alenje akale anali ndi mfuti za gogodera, zothira wonga kukamwa ndi kutsindira. Akaomba kamodzi, panafunika nthaŵi kuti aombenso. Olemba maseŵero a mbiri yathu akapanda kufunsa akuluakulu ndi kukaona zida zosungidwa ku Museum ya ku Chichiri, adzapatsa mlenje wa 1890 chida cha dzulodzuloli. Ana amakhulupirira chimene aona ndi maso, ndipo bodza likakhazikika m'chithunzi limavuta kulizula.