Mankhwala a pakhungu la chule wa zikhadabo

Mvula ikangokhazikika ku Chongwe, madambo a ku Kanakantapa ndi ku Chalimbana amadzaza phokoso la achule. Koma alipo chule wina wosakonda kudzionetsa. Ndi waphwatalala, maso ali pamwamba pa mutu, alibe lilime, ndipo zala zitatu za phazi lililonse lakumbuyo zili ndi zikhadabo zakuda. Ana ovuula nsomba m'zithaphwi amamudziwa bwino: ukamugwira, amapulumuka ngati sopo wonyowa. Ulenda woterera umenewo wadyetsa asayansi mutu kwa zaka pafupifupi 40.

Asayansi amawatcha achule amenewa Xenopus. M'Zambia muli Xenopus muelleri ndi abale ake, koma amene anatchuka ndi Xenopus laevis wa ku South Africa. Anayamba kutchuka pa nkhani ya mimba. M'zaka za m'ma 1930 ku Cape Town, Hillel Shapiro ndi Harry Zwarenstein anaonetsa kuti chule wamkazi akabayidwa mkodzo wa mayi woyembekezera, amaikira mazira tsiku lisanathe. Achule anakwezedwa zombo kupita kuzipatala za ku Ulaya ndi ku America. Zida zamakono zoyezera mimba zitabwera, iwo anatsalira m'malabotale.

Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Michael Zasloff, dokotala wa ku National Institutes of Health ku Bethesda. Iye sankafufuza za mankhwala ayi, ankangofuna mazira. Ankang'amba chule pamimba, kuchotsa mazirawo, kusoka, n'kumubwezera m'thanki ya madzi akuda, odzaza ndi mabakiteriya. Chilonda chotere pa munthu chikanatukusira mafinya. Cha chule chinkapola bwinobwino. Anthu ambiri anali ataona zimenezi kwa zaka, koma Zasloff ndiye anafunsa chifukwa chake. Anapera khungu, n'kuyesa madzi ake pa mabakiteriya, ndipo mu 1987 analengeza kuti wapeza timapuloteni tiwiri tatifupi, kalikonse ka ma amino acid 23, timene anatitcha magainin.

Sanali woyamba kusuzumira pakhungu la chule. Vittorio Erspamer wa ku Italy anathera moyo wake pa ntchito imeneyi, ndipo pofika 1970 asayansi a ku Vienna anali atafotokoza kale bombinin, wochokera kwa chule wa ku Ulaya. Magainin ndiye anadzutsa makampani.

Kaphedwe kake n'kachindunji. Mankhwala ambiri a maantibayotiki amasokoneza ntchito imodzi ya bakiteriya, ndipo kachilomboko kakasintha pang'ono, basi mankhwala atha mphamvu. Magainin amakakamira pachikopa cha bakiteriya n'kuchiboola, zam'kati n'kutayika. Kuzolowera zoterezi n'kovutirapo.

Ndiye bwanji sali m'mashelefu a chipatala cha boma la Chongwe? Makampani anayesa ndithu. Potengera magainin, anapanga mafuta opaka otchedwa pexiganan, a zilonda za kumapazi za odwala shuga. Mu 1999 bungwe la FDA ku America linawakana, ati sanapose mankhwala amene analipo kale. Kampani ya Dipexium inayesanso, ndipo mu 2016 zotsatira zinagwetsanso ulesi. Timapuloteni totere timaphwanyika msanga m'thupi la munthu, ndipo kutipanga kumadya ndalama. Chule satekeseka nazo zimenezo, poti amangotulutsa tatsopano akavulala.

Chimene chikusunga kafukufukuyu wamoyo ndi mantha. Lipoti la m'magazini ya The Lancet linati mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anafa ndi mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chigawo cha Africa cha kumwera kwa chipululu cha Sahara ndicho chinakhudzidwa kwambiri. Chizolowezi chogula makapisozi awiri pakantemba, kapena kuthira ufa wake pachilonda, chimakolezera vutoli. Dziko la Zambia linakhazikitsa ndondomeko yolimbana nalo mu 2017. Ulenda wa Xenopus muelleri nawo unayezedwa, ndipo unapezeka ndi timapuloteni takeake topha mabakiteriya. Gulu limene linachita zimenezo, la J. Michael Conlon, linali ku United Arab Emirates.