Kulera ndi Thumba la Mayi Wosauka

Kutalikitsa nthawi pakati pa ana m'banja si nkhani yachilendo m'Chisilamu. Maswahaba ena ankachita azl, kutaya mbewu kunja, Mtumiki (SAW) ali moyo. Imam al-Ghazali, amene adamwalira mu 1111, adati nzololedwa pofuna kuteteza moyo wa mkazi kapena poopa mavuto olera ana ochuluka.

Kuno ku Malawi, boma la Dr. Kamuzu Banda lidaletsa kulera m'zaka za m'ma 1960. Mu 1982 lidalola ndondomeko yoti ana azibadwa motalikirana, ndipo mu 1987 bungwe la Banja La Mtsogolo lidayamba ntchito. Komabe pofika 1992, amayi apabanja 7 okha mwa 100 alionse ndiwo ankagwiritsa ntchito njira zamakono. Chilolezo chidalipo, koma chipatala chidali kutali.

Zinthu zidasintha pamene njira zaulere za m'zipatala za boma zidayandikira anthu, alangizi azaumoyo nayamba kubaya jakisoni wolera m'midzi momwemo. Kafukufuku wa 2015-16 adapeza kuti chiwerengero chija chidafika 58.

Mbiriyi itikumbutse, abale ndi alongo, kuti mankhwala akatha kuchipatala cha boma, woyamba kuvutika ndi mayi wogulitsa mandasi, komanso mlongo wathu wapabanja amene ali kukoleji. Wachuma amapita kuchipatala cholipira. Awa amabwerera chimanjamanja, ndipo pathupi posayembekezereka pamatha kuimitsa geni kapena maphunziro.