GOGODERA: MPOPE UKAFA, WINA ANKACOKERA KUTI?

Lero pa tsamba la mbiri tikambe za cida cimene ambiri tidaciona citatsamira pakhoma kwa agogo: mfuti ya gogodera, ija yothirira wonga ndi cipolopolo kukamwa n'kusinja ndi ndodo. M'mabanja mumabuka funso lakuti, "Mfuti ya malemu idakalipo, koma mpope wake udatha. Tingapeze kuti wina?" Funsoli si lacilendo. Lidabvutitsanso makolo athu, ndipo yankho lake likutiphunzitsa mbiri ya dziko lino.

Gogodera ali ndi zigawo zitatu: mtengo wogwirira, zitsulo zoyatsira moto, ndi mpope. Mtengo ukathyoka, mmisiri wa pamudzi ankasema wina. Zoyatsira moto zikafooka, wosula ankazikonza pa cipala pake ndi mvukuto ndi nyundo. Koma mpope, ayi ndithu, inali nkhani ina.

Taonani m'mene unkapangidwira. Ku Ulaya ankatenga citsulo cacitali cophwatalala, n'kuciotca, n'kucikulunga pa ndodo yacitsulo, n'kumenya msoko mpaka ugwirane. Kenako ankabowola m'kati kuti muongoke, ndi kutseka kumbuyo ndi citseko colowa mocita kupotokola. Msoko ukapanda kugwira bwino malo amodzi okha, basi, tsiku lina mpope uphulikira m'manja. Osula athu ankadziwa citsulo kuyambira pa ng'anjo, koma kubowola mpope wautali woongoka kunkafuna zida zimene pa cipala ca pamudzi panalibe.

Nanga mpope unkafa ndi ciani? Wonga wakuda ndi msanganizo wa makala, sulufule ndi mcere umene Apwitikizi amati salitre. Ukapsa umasiya mwaye m'kati, ndipo mwayewo umakoka cinyezi. Mlenje akapanda kutsuka ndi madzi otentha, kuumitsa ndi kupaka mafuta, dzimbiri limadya citsulo kuyambira m'kati, pamene diso silifika. Onjezani apo kuthira wonga wopitirira muyeso pofuna kugwetsa njobvu, ndiponso zipolopolo zosula ndi citsulo zimene zinkakanda m'kati. Mpope unkayamba kupyapyala, kutupa, kenako kung'ambika.

Mfutizi zinkacokera kutali. Zambiri zinkapangidwa mu mzinda wa Birmingham ku England ndi wa Liège ku Belgium. Zina zinali zotsala za asilikali, makamaka nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815. Zinkafika pa sitima ku Quelimane ndi ku Ilha de Moçambique, n'kukwera ndi mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete mpaka ku Zumbo. Kumpoto, amalonda a Ciyao ankabwera nazo kucokera kunyanja yamcere mpaka ku nyanja ya Niassa. Mtengo wake unali minyanga ya njobvu, ndipo, tisabise, kawirikawiri unali anthu. Acikunda a m'maprazo ankasaka nazo njobvu, komanso ankagwira nazo akapolo m'midzi ya Acewa ndi Ansenga.

Tsono mpope ukafa, mwini mfuti anali ndi njira zinai.

Yoyamba: kudula. Ngati wang'ambika kukamwa, wosula ankadula mbali yowonongekayo, mfuti n'kufupika. N'cifukwa cake agogodera ena ndi aafupi kuposa anzao.

Yaciwiri: kumanga. Ankakulunga waya wamkuwa pamalo pofooka, kapena kubveka cikopa caciwisi cimene cikauma cimagwira zolimba. Zimenezi zinkagwirizitsa mpope ku mtengo, koma sizinkabwezera mphamvu ya citsulo.

Yacitatu: kuphatikiza. Mfuti ziwiri zakufa zinkabala imodzi yamoyo: mpope wa iyi, zoyatsira za iyo, mtengo watsopano. Mfuti zina zimene zatsala m'midzi ndi zotere.

Yacinai: kugula mfuti ina yathunthu. Amalonda ankabweretsa mfuti zomangamanga kale, ndiye wofuna mpope wabwino ankabwerera kwa mwini katundu ndi mnyanga wina. Apa ndiye pagona nkhani. Mfumu ingakhale ndi alenje mazana ndi osula aluso, koma kaamba ka mpope ndi wonga inkayang'anabe njira ya kugombe. Wotseka njirayo ndiye anali ndi mphamvu.

Azungu adaidziwa mfundo imeneyi. Pa 2 Julho 1890 maiko a ku Ulaya, Portugal ali momwemo, adasaina pangano ku Bruxelas. Ankati akufuna kuthetsa malonda a akapolo. M'panganomo adaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'cigawo cacikulu ca Afrika, kuphatikizapo kwathu kuno, koma adalola mfuti zoyatsira mwala, zosalala m'kati, pamodzi ndi wonga wamba. Motero mwana wa dziko adatsala ndi gogodera, pamene asilikali a atsamunda anali ndi mfuti zolowetsera zipolopolo kumbuyo, zoombera kangapo iye asanamalize kusinja kamodzi.

Komabe makolo sadangopinda manja. Ku Massangano, pamene Luenha amathira mu Zambezi, anthu a Bonga adagonjetsa magulu ankhondo a Apwitikizi pakati pa 1867 ndi 1869, ndipo linga lija lidagwa mu 1888. Ku Báruè, kwa Makombe, akatswiri a mbiri amanena kuti kunali zipala zokonzera mfuti ndi kupanga wonga. Báruè adagonjetsedwa mu 1902, koma adaukanso mu 1917, ndipo moto wa kuukirako udafika mpaka ku Zumbo.

Malonda a agogodera atatha, osula m'madera ambiri a Afrika adayamba kuika mipope ya madzi kapena ya ciwongolero ca galimoto. Apa, abale, ticenjezane. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpope wa madzi adaupangira madzi, osati moto wa wonga. Ndipo coopsa koposa ndi kutsegula cipolopolo ca mfuti zamakono n'kuthira wonga wake mu gogodera. Wonga umenewo uli ndi mphamvu yoposa wakuda kutalitali. Ngakhale mpope wabwino umaphulika, n'kutenga zala, maso, pena moyo. Mpope wakale umene wagona zaka osatsukidwa usaombedwenso. Musasuzumiremo, musauike pamoto: wina adasiyidwa uli ndi wonga m'kati, ndipo wonga wakuda ukakhala pouma sufa msanga. Tikumbukirenso kuti lamulo la dziko sililola kusunga mfuti popanda cilolezo.

Tsono yankho lathu kwa ofunsa aja ndi ili: musafune mpope wina. Wakalewo ndiwo cuma, cifukwa ndi kalata yolembedwa pa citsulo. Ku Birmingham kudakhazikitsidwa nyumba yoyesera mipope mu 1813. Ankaombera mpope ndi wonga wambiri, ukapirira n'kuudinda cizindikiro ca ndodo ziwiri zopingasa ndi cisoti cacifumu. Wa ku Liège umakhala ndi malembo ELG m'kati mwa mzere wozungulira ngati dzira. Mau akuti TOWER amapezeka pa citsulo coyatsira moto. Pa mipope ina pali dzina lakuti Lazarino, kumene kudacokera dzina la mfuti zija Apwitikizi ankati lazarina. Lazarino Cominazzo linali dzina la amisiri omveka a mipope ku Italy m'zaka za m'ma 1600, koma ena ankangolidinda pa mfuti zao zotsika mtengo kuti ziyende malonda. Onani phunziro kwa ophunzira athu: kudziwa kuwerenga n'kwabwino, koma si zonse zolembedwa zili zoona.

Nayi nchito ya m'kalasi. Mfuti isabwere ku sukulu. Pemphani mfumu ndi eni banja, pitani awiri kapena atatu, mukakopere malembo ndi zizindikiro pa pepala osakhudza zoyatsira moto. Funsani okalamba: mfutiyi adabwera nayo ndani? Adagula ndi ciani? Adaikonza ndani? Idapha ciani? Ophunzira alembe mayankho m'ziganizo zazifupi, awerengerane. Mau awa akhale poyambira: mfuti, wonga, mpope, cipala, njobvu, mtendere. Funsani mwaulemu, pakuti mayankho ena ndi owawa: m'mudzi umodzi muli zidzukulu za ogwira anthu ndi zidzukulu za ogwidwa.

Dziko lathu lidaona kale kuti mfuti ingasanduke cina. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, idayambitsa mu 1995 nchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, potsata uneneri wa Yesaya 2:4. Amisiri a ku Maputo adadula mfutizo n'kusula nazo zifanizo, ndipo cimodzi, Mtengo wa Moyo, cidaonetsedwa ku British Museum ku London mu 2005.

Gogodera wa agogo adagwira nchito yake, yabwino ndi yoipa. Tsopano atiphunzitse kuwerenga. Zimene mupeze m'midzi yanu, tilembereni kuti tigawane ndi makalasi ena. Ambuye akudalitseni pa nchito yanu.