Sickle Cell: Chisamaliro cha Namwino

Nthenda ya sickle cell, imene James Herrick anailongosola ku Chicago m'chaka cha 1910, ndi yobadwa nayo, yochokera kwa makolo onse awiri. Maselo ofiira a magazi amapindika ngati zenga, natseka timitsempha, nafa pasanathe masiku 20, pamene abwinobwino amakhala masiku 120. Chifukwa chake namwino, pakuona mwana alikubuula ndi ululu wa m'mafupa, manja ndi mapazi zitatupa, asakayike kulira kwake, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma amfunditse, ammwetse madzi ambiri, nampatse mankhwala oletsa ululu pa nthawi yake, ngakhale morphine amene. Kutentha thupi nkoopsa ndithu, popeza kapamba wa wotereyu ngofooka, ndipo malungo ndi chibayo sizilinda kucha. Zikhatho zikayera, ayezedwe msanga, kapena nkumuwonjezera magazi.