Kodi mapiritsi ochotsera mimba anachokera kuti?

Funso: Ndimamva za mapiritsi awiri omwe m'maiko ena madokotala amapereka pochotsa mimba. Anawapanga ndani?

Yankho: Mayina ake ndi mifepristone ndi misoprostol, ndipo anachokera kosiyana. Chodabwitsa n'choti misoprostol sanapangidwe ndi cholinga chimenechi m'pang'ono pomwe. Kampani ya ku America ya G.D. Searle inapanga mankhwalawa mu 1973 kuti aziteteza anthu ku zilonda zam'mimba, n'kuwagulitsa m'dzina loti Cytotec. Pa pepala la malangizo panali chenjezo loti mayi woyembekezera asamwe chifukwa akhoza kupita padera. Ku Brazil, komwe lamulo limaletsa kuchotsa mimba, mankhwalawa anafika mu 1986 ndipo ankagulidwa mwaufulu m'mafamase. Amayi anawerenga chenjezo lija, nkhani n'kuyenda pakamwa ndi pakamwa. Boma linakhwimitsa kagulitsidwe kake mu 1991, koma madokotala anali ataona kale kuti amayi obwera ndi mimba yochoka chifukwa cha mapiritsiwa sankadwala matenda a m'chiberekero kwambiri monga aja ogwiritsa ntchito timitengo ndi zitsulo.

Mifepristone ndi wa ku France. Georges Teutsch, katswiri wa kampani ya Roussel-Uclaf, ndiye anawapanga mu 1980, ndipo dokotala Étienne-Émile Baulieu ndi amene anawatchukitsa m'dzina loti RU-486. Anawayesa koyamba pa amayi ku Geneva, ndipo boma la France linawavomereza mu 1988. Patangopita mwezi umodzi kampaniyo inawachotsa pamsika poopa magulu otsutsa, koma nduna ya zaumoyo, Claude Évin, inalamula kuti awabwezeretse patadutsa masiku awiri okha.

Funso: Nanga bwanji awiri? Amodzi sakwanira?

Yankho: Ntchito zake n'zosiyana. Mimba imakhazikika chifukwa cha homoni yotchedwa progesterone, yomwe imasunga khoma la chiberekero. Mifepristone amatsekereza homoniyo. Paokha ankalephera pa amayi ambiri ndithu, mpaka Marc Bygdeman wa ku Sweden ataonetsa kuti mukatsatizapo mankhwala ofinyitsa chiberekero, zimatheka pafupifupi kwa onse. Poyamba ku France ankabaya jakisoni wa sulprostone, koma mayi wina atamwalira ndi vuto la mtima mu 1991 anasiya, n'kutenga misoprostol uja wa zilonda zam'mimba. Mpata wa tsiku limodzi kapena awiri womwe amausiya pakati pa mankhwala awiriwa ndi woti oyambawo afewetse khomo la chiberekero, achiwiriwo asanayambe kufinya.

Funso: Achipatala amalimbikira kufunsa masabata a mimba. Malire amenewa anawaika ndani?

Yankho: Anachokera ku kafukufuku, ndipo akhala akusuntha. France inayamba ndi masiku 49, kutanthauza masabata 7, chifukwa umboni womwe unalipo unkalekezera pamenepo. America itavomereza mifepristone mu 2000 inatengera malire omwewo, kenaka mu 2016 inawakweza kufika masabata 10. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, lomwe linaika mankhwala awiriwa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2005, linanena mu 2022 kuti mimba isanakwane masabata 12 mayi akhoza kumwera kunyumba, bola akhale ndi uphungu wolondola komanso chipatala chothamangirako. Mimba ikakula kuposa apo, magazi ndi ululu zimachuluka, zotsalira m'chiberekero zimachitika kawirikawiri, ndipo kamwedwe kake kamasintha. Apo m'pofunika wachipatala akhale pafupi.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi pa kawerengedwe. Achipatala sayambira tsiku lomwe mayi anakhala malo amodzi ndi mwamuna, amayambira tsiku loyamba la msambo womaliza. Kawerengedweka kanatchuka ndi dokotala wa ku Germany, Franz Naegele, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo n'komwe azamba amagwiritsabe ntchito kusikelo. Ndiye mayi amene wangodumpha mwezi umodzi, n'kumati mimba yake ndi ya masiku ochepa, kuchipatala amamuwerengera kale masabata anayi kapena asanu. Wosakumbukira tsiku, kapena amene msambo wake umabwera mosinthasintha, amafunika kupimidwa ndi manja kapena sikani.

Funso: Ngati mapiritsiwo ndi abwino, kupimidwa kaye n'kwa chiyani?

Yankho: Chachikulu ndi mimba yokhala kunja kwa chiberekero, m'njira yodutsa dzira. Mapiritsiwa saikhudza. Imapitiriza kukula mpaka njirayo kuphulika, mayi n'kumataya magazi m'kati osaoneka, iye akuganiza kuti ndi ululu wa mankhwala. Ndiye wachipatala amafunsa za ululu wa mbali imodzi ya chinena, kudontha magazi, komanso ngati mayiyo anakhalapo ndi mimba yotere. Amaonanso ngati ali ndi lupu, yomwe imayenera kuchotsedwa kaye, ngati magazi ndi ochepa m'thupi, ngati ali ndi vuto loti magazi sagwirana msanga, ndiponso mankhwala ena omwe akumwa. Mbali imeneyi ndi yomwe wogulitsa mapiritsi mobisa sangaichite, ngakhale mapiritsi akewo atakhala enieni, ndipo nthawi zina sakhala enieni n'komwe.

Funso: Kuno kwathu zili bwanji?

Yankho: Ku Malawi lamulo la Penal Code, lochokera m'nthawi ya atsamunda, limaletsa kuchotsa mimba kupatula pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Bilu yofuna kuwonjezera zifukwa zina inakanidwa kukambidwa ku Nyumba ya Malamulo mu 2021. Zambia ili ndi lamulo lake la 1972 lolola pa zifukwa zingapo, ndipo Mozambique inalola mu 2014 mpaka masabata 12. Misoprostol alipo m'zipatala zathu pothandiza amayi otaya magazi akachira komanso opita padera. Mayi amene akutaya magazi ambiri, watentha thupi, akutuluka zonunkha kapena akuchita chizungulire mimba itachoka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, posatengera kuti mimbayo yachoka motani. Chithandizo chimenecho n'chololedwa.